Khomo Lokwana Duku la Mama Veripi

Mama Veripi Kahorongo ankalidziwa dziko lathu la Namibia ndi fumbi lake, osati ndi mapazi. Kuyambira ali mtsikana mpaka tsitsi litachita imvi, ankagwira ntchito m'nyumba yochapira kuseri kwa njanji mu Windhoek, kumene makampani obwereketsa galimoto zogonamo ankatumiza zofunda alendo akabwerako ku maulendo awo. Mtolo ukangomasulidwa, iwo ankakutumula nsalu imodzi n'kunena kumene yachokera. Fumbi loyera ngati ufa linali la ku Etosha. Nsalu yachinyontho yonunkha mchere inali itagona kunyanja. Ya timadontho ta magazi a udzudzu inali yochokera kumpoto, kumitsinje. Malo onsewa iwo anali asanapondeko.

Koma panali mchenga wina wofiira, wosalala, umene sunkamva sopo. Unkabisala m'misoko ya mapilo, ndipo ngakhale utsukuluze kangati, posita unkaupeza ukuyoyokera pathebulo. Madalaivala obweretsa mitolo ankati umenewo ndi wa ku Sossusvlei. Mama Veripi ankauthira m'chikhato, n'kuuyang'ana padzuwa kanthawi, kenako n'kuusesera m'ngalande pamodzi ndi zinyalala zina, pakuti ntchito ndi ntchito.

Ine ndine Ewaldine. Timakhala benchi limodzi kutchalitchi kwathu ku Katutura, ngakhale iwo ndi aakulu kwa ine. Mwamuna wanga, Tate Usiel, atamwalira, Mama Veripi sanandiuze mawu ambiri otonthoza. Ankangobwera ndi simbi yawo n'kumasita zovala za m'nyumba mwanga, ngakhale zositidwa kale, mpaka tsiku limene anaona kuti ndayambanso kudya.

Chikwatiwireni, palibe amene anawaonapo Mama Veripi kunja kwa chipinda chawo opanda diresi lalitali la amayi a Chiherero, lofika pansi, lotukumuka ndi mapitikoti, ndi duku lathu la nyanga ziwiri pamutu. Atsikana a masiku ano amavala zimenezi paukwati ndi pamaliro basi, ndipo ine ndemwe ndimavala Lamlungu lokha. Iwo ankavala tsiku lililonse, ngakhale m'nthunzi ya m'nyumba yochapira mwezi wa Disembala. Mabwana anayesapo kuwapatsa ovolosi. Anailandira ndi manja awiri, anaichapa, anaisita, n'kuibweza.

Chimene chinawapumitsa ntchito ndi matenda a shuga, pamene anayamba kudya maso. Zinayamba kutha ndi zilembo za m'buku la nyimbo, kenako nkhope za anthu. Lamlungu lina anapatsa moni jekete la abusa litapachikidwa pachitseko, mpaka kulifunsa za ana. Tinaseka tonse, iwonso anaseka, koma pobwerera anandigwira mkono.

"Nkhope yako yapita, Ewaldine. Chimene ndikuona ndi mpango wako wobiriwirawu. Usamausinthe."

Dokotala wa maso sanabise. Anati chatsala ndi mitundu ya zinthu, ndipo nayonso ili paulendo. Mwina ifika nyengo ya mvula, mwina ayi. Mwana wawo Mbapeua, amene ndi namwino ku Otjiwarongo, anabwera maso ali ofiira ndi kulira, nafunsa chimene amayi ake akufuna.

"Ndikufuna ndikaone kumene kumachokera mchenga wofiira uja, maso asanatseke," anatero Mama Veripi. "Ndiponso ndikagoneko pa zofunda zochapa munthu wina."

Mbapeua sanapatsidwe tchuthi kuchipatala. Ine ndinaphunzira kuyendetsa galimoto pamene Tate Usiel ankadwala, kuti ndizipita nawo kuchipatala ndekha, choncho chiwongolero chinagwera ine. Chinatsala ndi kusankha kobwereka galimoto. Inali nyengo ya alendo ambiri, pamene galimoto zogonamo zimasowa, ndipo kudikira kuti alendo achepe kunali kudikira mvula.

Mbapeua anafufuza pafoni yake napeza kampani imene alendo anaipatsa nyenyezi zambiri.

"Nyenyezi zili kumwamba, mwanangu," anatero amayi ake. "Ine ndikufuna ndikagwire chitseko."

Tinapita. Bambo wa tayi anatilandira mwaulemu natitengera ku chigalimoto chachitali cha matayala ngati a thirakitala. Anakoka chingwe, tenti n'kutukuka padenga, makwerero n'kutsetserekera pansi.

"Iyi imapita paliponse, Ouma," anatero, kutanthauza kuti agogo. "Mumagona pamwamba, kutali ndi njoka ndi afisi."

Mama Veripi anagwira makwererowo n'kuwapapasa mpaka pamene mkono unalekezera.

"Ndikwere apa?"

"Mungovala thalauza, Ouma. Amayi onse amatero, ngakhale agogo a ku Germany."

"Mwana wanga, agogo ako unawaonapo miyendo?"

"Ayi, Ouma."

"Nanga yanga ukuifuniranji?"

Bamboyo anaseka mpaka kutsamira tayala. Anali munthu wabwino. Anatiuza moona kuti galimoto zawo za denga lalitali zonse zili pamsewu, natilozera kampani ina.

Kampani yachiwiriyo inali ndi galimoto yokongola, yonyezimira, ya firiji ndi kabafa m'kati. Mama Veripi analowa, naimirira, ndipo duku linaphwanyikira kudenga.

"Mukawerama pang'ono, Tannie, mukwana bwinobwino," anatero mayi wa pamenepo, Tannie kutanthauza azakhali.

"Ine ndimaweramira ziwiri zokha, Mulungu ndi beseni lochapira. Beseni ndinapuma."

Tili m'takisi pobwerera, mtima wanga unali utayamba kugwa. Koma Mama Veripi anali ngati munthu wofufuza chinthu m'thumba. Kenako anati panali bambo wina wa ku Rehoboth, wa mawu osasa, amene zofunda zake sankatumiza ndi dalaivala. Ankabwera nazo yekha, atazimanga bwino, ndipo ankapatsa moni amayi ochapa mmodzimmodzi asanatule mtolo. Dzina lake Oom Gottlieb Izaaks, Oom kutanthauza amalume.

Tinampeza ku Khomasdal, kuseri kwa nyumba yake, ali pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka. Galimoto zake zinali zochepa, zakale, koma zosamalidwa. Atamva mawu a Mama Veripi anatuluka msanga, akupukuta manja.

"Mama wa mapilo anga! Chichokereni inu, alendo akudandaula kuti sakulotanso bwino."

"Usandinyengerere, Gottlieb. Uli nayo yoti munthu n'kuima m'kati ngati munthu?"

Inalipo imodzi, ndipo inali ndi masiku ochepa omasuka alendo ena asanaitenge. Kale inali galimoto yogawa buledi m'masitolo, yaitali ngati kanyumba. Oom Gottlieb anaboola yekha khomo laling'ono m'mbali, pafupi ndi kabati ya chitofu cha gasi, ndipo kumbuyo anaikako bedi lopingasa, lotsamira zitseko ziwiri zazikulu zimene kale ankatulutsirako buledi.

Tsiku limenelo Mama Veripi anavala diresi lawo la masiku wamba, labuluu, lofewa ndi kuchapidwa kwa zaka. Analowa pakhomo laling'onolo osakhudza chilichonse. Anaimirira, duku osagunda. Anazungulira pomwepo, anatambasula manja, ananunkhiza pilo, natuluka.

"Iyi."

Mbapeua atamva pafoni kuti tasankha galimoto ya buledi, anafuna kulankhula ndi mwini wake, ndipo sanamusiye mpaka atalonjeza kuwonjezera tayala lina lapadera. Kenako Oom Gottlieb anandionetsa zonse: kuyatsa gasi, kuthira madzi, kuchepetsa mpweya m'matayala pamsewu wamiyala. Pomaliza anamenya zitseko zakumbuyo ndi chikhato.

"Izi sititsegula kawirikawiri, Mama Ewaldine. Koma matabwa a bedi amanyamuka, ndipo chotsegulira chili pansi pa matiresi."

Sindinayang'anitsitse. Zitseko zotero ndi zimene zinatsekera Tate Usiel m'galimoto ya maliro tsiku limene anachoka kunyumba komaliza.

"Makomo akumbuyo ndi a buledi ndi maliro," anatero Mama Veripi. "Ine sindili chilichonse mwa ziwirizo."

"Chinthu chimodzi," anatero Oom Gottlieb potitsanzika. "Kufiira kwenikweni kumabwera dzuwa likangotuluka. Mukachedwa mukapeza mchenga utatuwa ngati khungu la buledi. Masiku anuwa akukupatsani m'mawa umodzi wokha."

Tinanyamuka titapemphera. Titadutsa Rehoboth tala anatha, ndipo galimoto inayamba kunjenjemera, masipuni akulira m'kabati. Tayala limodzi linaphulika tisanakwere mapiri, lina titatsika, ndipo kawiri konse anthu odutsa anatithandiza. Mama Veripi anavomera kuti mwana wawo sanapite kusukulu pachabe.

Kutsika mapiriwo, dziko linatseguka mwanjira imene sindinaionepo. Ndinabadwira m'dziko lino, koma sindinkadziwa kuti Mulungu anasiya malo aakulu chotero opanda munthu, opanda mpanda, opanda ngakhale mbuzi. Udzu wouma unkayenda ndi mphepo mpaka kumene maso amalekezera. Mama Veripi anali ataika nkhope pafupi ndi galasi, akutchula mitundu pang'onopang'ono ngati munthu wowerenga mayina a abale.

"Chikasu. Chikasu china, chotuwirako. Uko kwabiriwira ngati mtambo, ndi phiri?"

"Ndi phiri, Mama."

"Chofiira sichinayambe?"

"Sichinayambe."

Tinafika pamalo ogona alendo dzuwa litapendeka. Tinamwa chambiko ndi buledi, ndipo iwo anagona pa zofunda zija, akuzisisita ndi zala.

"Wochapayu manja ali nawo," anatero. "Koma m'ngodya sasitamo."

Kunja kusanayere ndinadzuka ndi phokoso la nsalu. Mama Veripi anali atatsegula sutikesi imene chichokereni ku Windhoek anali asanaikhudze. M'menemo munali diresi lawo lalikulu, loyera la timaluwa tabuluu, limene amavala pa Mgonero wa Ambuye wokha. Munalinso mapitikoti onse amene ali nawo, oumitsidwa ndi sitachi mpaka kuima okha, ndi duku latsopano la nyanga zazitali, zolimbitsidwa ndi nyuzipepala m'kati.

"Mama, tikupita kumchenga."

"Tikupita kukaona ntchito ya manja a Mulungu. Ukufuna ndikafike ngati ndikupita kumsika?"

Ndinawathandiza kuvala. Pitikoti pamwamba pa pitikoti, kumanga, kukoka, kusalaza. Anaima chilili pakati pa galimoto, mutu osagunda, monga momwe anafunira. Atatha anakhala m'mphepete mwa bedi, diresi atalitambasula ngati nkhuku yofungatira, ndipo ine ndinatulukira pakhomo laling'ono n'kukakhala pachiwongolero.

Msewu wa kumeneko ndi watala, wodutsa m'chigwa. Mbali zonse kunali zinthu zazikulu zakuda zimene ndinkayesa mitambo. Kum'mawa kutayamba kuyera, ndinaimika galimoto patsinde pa phiri lina la mchenga limene lili pafupi ndi msewu, kumbuyo kwa galimoto kutaloza kuphiriko. Ndinathamanga kukatsegula khomo la m'mbali.

"Tiyeni, Mama. Nsonga yayamba kuyaka."

Anaimirira, anabwera pakhomo, naima. Diresi linadzaza khomo lonse n'kutsala. Anatembenuka cham'mbali, nyanga imodzi n'kukola pafelemu. Anabwerera, anayesanso, ndipo mpendero unakodwa pa chogwirira cha kabati ya chitofu. Ndinamva ulusi ukulira.

Apo m'pamene tonse awiri tinazindikira. Khomo lija analiyesa ndi diresi la masiku wamba.

"Ndikukokeni, Mama. Nsalu imapindika."

"Undikoke ngati thumba la chimanga? Ling'ambike, ndikaime pamaso pa Mulungu ndi chigamba?"

"Ndiye tichotse mapitikoti ena."

"Unaona wekha nthawi imene tinatenga pomanga. Pomasula dzuwa lidzakhala lili pamutu."

Ndinayang'ana kumbuyo kwa galimoto. Kuwala kunali kutsika paphiri, ndipo alendo ena anali atayamba kale kukwera. Pakhomo limene iwo anaima pankangooneka msewu wotuwa ndi galimoto za anthu. Mama Veripi anagwira felemu ndi manja awiri. Mawu awo anatsika.

"Ewaldine, kwafiira?"

"Kwafiira, Mama."

"Ndachita kupusa, eti?"

Ndinadzipanikiza pambali pawo, ndinalowa, ndinakankhira matiresi kukhoma n'kunyamula matabwa a bedi. Chotsegulira chinali pomwe Oom Gottlieb ananena. Manja anga sankafuna kuchigwira, koma anachigwira.

"Ukutani iwe?"

"Mutulukira kuno."

"Khomo la maliro? Ayi."

"Wakufa amatuluka atagona, Mama, miyendo patsogolo. Inu mutuluka mutaima. Ndipo galimoto ya buledi munasankha nokha. Lero ndinu buledi."

Anapumira m'mwamba, kaya ndi kuseka kaya ndi mkwiyo. Ndinamva nsalu ikukhwekhwereza kumbuyo kwanga. Ndinakankha zitseko zonse ziwiri ndi mphamvu zanga zonse, ndipo zinatseguka mpaka kumapeto.

Ine amene maso anga ndi abwino ndinabwerera m'mbuyo. Panalibe china chilichonse patsogolo pathu koma phirilo, kuchokera pansi mpaka kumene khosi limalekezera kupindika. Mbali imodzi inali yofiira ngati khala limene wangoliuzira, mbali ina yakuda bii, ndipo pakati pa ziwirizo panali mzere wakuthwa, wokhotakhota, wokwera kumwamba. Anthu okwera pamzerewo anali ngati nyerere. Kufiirako kunalowa m'galimoto, kunagwera pamakoma, pamatiresi, ndi padiresi loyera lija, mpaka Mama Veripi anaoneka ngati aima m'moto umene sutentha.

Anangoima pakhomopo, maso ali kuphiriko. Ndinaopa kuti tachedwa, osati m'mawa umenewo wokha, koma miyezi.

"Ewaldine," ananong'ona. "Kumwamba kwatani?"

"Si kumwamba, Mama. Ndi mchenga."

"Wonsewu?"

"Wonsewu. Ndipo kuseri kwake kuli ena, ndi ena, mpaka kunyanja."

Anakweza dzanja pang'onopang'ono, ndipo chala chawo chinayamba kutsata mzere uja, kuchokera pansi, kukhota pamene unakhota, mpaka kunsonga. Sanaphonye. Munthu amene sankathanso kuona nkhope ya mwana wake anauona mzere umenewo.

"Ambuye," anatero. "Ine ndinkayesa ndautha theka ndi kuchapa."

Ndinatsitsa bokosi la zakudya kuti likhale poponda, ndipo anatsika mutu uli chilili, nyanga zonse ziwiri zili zowongoka, diresi lopanda khwinya. Alendo amene anali pafupi anapatuka okha. Bambo wina anakweza kamera, kenako anaitsitsa. Mama Veripi anayenda molunjika kuphiriko osandigwira mkono, chifukwa chinthu chachikulu chotero sichisochereka. Atafika pamene mchenga umayambira anagwada, anatapa ndi manja awiri, nausiya kuti udutse m'zala. Anatapanso. Milomo yawo inkayenda, koma mawuwo sanali anga kuti ndiwamve. Ndinagwada pambali pawo, ndipo ndinapeza kuti ndikuthokoza, ine amene kwa nthawi yaitali mapemphero anga anali opempha okhaokha.

Tinakhala pomwepo mpaka mchenga unatuwa monga momwe Oom Gottlieb ananenera. Poimirira, mpendero wonse wa diresi unali wofiira. Ndinawerama kuti ndiukutumule.

"Siya," anatero.

Titabweza galimoto ku Khomasdal, Oom Gottlieb anazungulira kumbuyo naona kuti fumbi la pazitseko lasokonezedwa. Anatiyang'ana, nsidze zili m'mwamba.

"Ndani watulukira kuno? Buledi kapena maliro?"

"Buledi," anatero Mama Veripi. "Wotentha. Ndipo khomo lako lam'mbali unaboolera anthu a thalauza."

Sanalole kuti munthu wina avule zofunda. Anazivula okha, anazipinda ngodya ndi ngodya, nazimanga mtolo. Pilo lomaliza analigwira kanthawi, akupapasa msoko wake, umene unali wolemera ndi mchenga.

"Gottlieb, ukapereka mtolowu, ukamuuze wochapayo kuti m'ngodya azisitamo. Ukamuuzenso kuti mchenga uwu asalimbane nawo. Kumene ukuchokera ulipo wambiri, sangauthe."

Mitundu inawachokera mvula itayamba, monga dokotala ananenera. Chobiriwira ndicho chinayamba kupita, ndipo anandiuza kuti tsopano mpango ndikhoza kusintha. Chofiira chinatsalira pang'ono, kenako nacho chinapita.

Diresi loyera lija sanalichapenso, iwo amene moyo wawo wonse sanalolepo banga kugona pansalu. Amalivalabe pa Mgonero. Amayi ena a mumpingo ananditengera pambali kuti ndiwauze mwaulemu kuti mpendero wada, poganiza kuti mwina sakudziwa. Ndinawayankha kuti akudziwa. Tikakhala pabenchi pathu kudikira kuti abusa atiitane kutsogolo, ndimaona dzanja lawo likutsika, likukweza mpenderowo pang'ono, ndipo zala zimayamba kuyenda pamsoko, pamene mchenga udakali kulira.